Amayi Anakana Kufa

9 Januwale

Mwana wanga Pulofesa,

Moni wochuluka. Ine ndili bwino, kupatula bondo lopalasira makinali, layamba kulira ngati chitseko cha kubafa. Amayi ako aang'ono akupereka moni. Saluni yawo ikadali pafupi ndi khonde langa, ndipo tsitsi la makasitomala awo likuulukirabe pa nsalu zanga. Ndalemba kalata chifukwa pa foni ya m'sitolo muno ukangoti "halo" anthu amasiya kugula n'kutchera khutu.

Mng'ono wako akwera basi ya Loweruka m'mawa. Ukamuchingamire. Wapeza malo kusukulu ya anamwino ndipo azikhala kwa iwe. Umuyang'anire kuti amalize. Pulofesa mmodzi wopanda pepala watikwanira m'banja muno.

Akalira usagwe nazo. Ukumudziwa Kamisozi.

Unditumizireko singano za makina, zonenepa zija zosokera majinzi.

Ndine mayi ako.

2 Malichi

Amayi,

Moni ndalandira, pamodzi ndi chitonzo chimene munakulungamo. Ku yunivesite sindinalephere, ndinachoka. Bambo amene amatiphunzitsa ndakatulo anali asanalembepo ndi imodzi yomwe yoti n'kuwerengera mbuzi, ndipo nditamuuza zimenezo pamaso pa kalasi yonse panalibenso chokhalira. Pano ndili pa kampani yosindikiza mapepala, ndikulemba mbiri za omwalira zija amagawa pa maliro. Akufa sadandaula ndi kalembedwe kanga.

Mwati Kamisozi ndikumudziwa. Ndingamuiwale bwanji? Ali kamwana anathyola singano ya makina anu, n'kulira mpaka munakwapula ine. Kupulayimale analirira aphunzitsi a masamu mpaka iwo anamupepesa chifukwa chomupatsa ziro. Nanga tsiku lija anatsatira maliro a munthu wosamudziwa, anamfedwa n'kumubweretsa pakhonde panu atamunyamula, akufunsa kuti malemu anali ndani wake?

Tsopano khalani pansi mumve. Kusukulu ya anamwino sanathe nako mwezi. Mumsewu wathu munabwera anthu ojambula filimu, ndi magetsi awo ndi mawaya awo opunthwitsa anthu. Amajambula maliro abodza. Mtsikana wamkulu wa filimuyo anapaka mafuta a chimfine m'zikope kuti misozi ibwere, koma kunangobwera mamina. Kamisozi, amene amangodutsa ali mu yunifolomu, anaima kumbuyo kwa bokosi n'kutsegula mpope wake uja. Dayilekita, ndiye amene amalamula zonse kumeneko, bambo wandevu wosavula chipewa ngakhale m'nyumba, anatembenuzira kamera kwa iye. Kuchokera tsiku limenelo yunifolomu ili pa msomali.

Ndiye apulofesa tilipo awiri. Singano zili mu envelopu momwemu, musazibaye nazo chala ndi mkwiyo.

Mwana wanu woyamba, amene anakwapulidwira singano.

20 Malichi

Amayi anga okoma,

Muli bwanji? Ine ndakusowani koopsa. Achemwali musawamvere, nsanje yawawiritsa. Unamwino sindinausiye, ndangouika kaye pambali. Magazi amandichititsa chizungulire, ndipo odwala akandiona ndikulira amayesa kuti adokotala andiuza zoti sachira.

A Dayilekita akuti maso anga ndi mgodi. Andipatsa kale mawu oti ndiyankhule mufilimu ikubwerayi. Anzanga onse akundifunsa kuti ndimatani kuti misozi izibwera popanda mafuta. Inu nokha ndikuuzani, koma musakwiye. Akangoti "Yambani!" ndimaganiza kuti inu mwafa, makina anu aphimbidwa ndi nsalu, pakhonde pali zii. Basitu, misozi chuchuchu. Ndiye mukuona mmene ndimakukonderani.

Mundisokereko diresi yobiriwira. Muyeso ndi womwe uja, m'chiuno mubwezeko pang'ono.

Wanu wotsiriza,
Kamisozi

6 Epulo

Kamisozi,

Ndiye ine ndimafa tsiku ndi tsiku kuti iwe udye? Chabwino. Koma ukaweruka uzikumbukira kundidzutsa.

Diresi ndapatsira dalaivala wa basi ya m'mawa. M'chiuno sindinabweze. Uzidya.

Mayi ako.

11 Ogasiti, chaka chotsatira

Amayi,

Ndikhulupirira bondo lasiya kulira. Kalatayi muwerengere panokha, osati pamaso pa amayi aang'ono.

Mwana wanu watchuka. Nkhope yake ili pa zikwangwani, kumbuyo kwa mabasi, ndi pa pepala lokulungira sopo. Ndikamapita kuntchito amandiyang'ana kuchokera pamwamba, akulira, pamene ine ndikudziwa kuti ndamusiya kunyumba akudya mazira anga. Anthu akamva kuti ndine mkulu wake amandiyang'ana kumaso n'kunena kuti "Ooh," ngati aona nsalu yotsalira.

Mkulu wotsatsa mafilimu awo anafuna mbiri ya ubwana wake yoti apereke kwa atolankhani. Kamisozi anamufotokozera zoona: mayi telala, nsapato kumapazi, chakudya katatu. Mkuluyo anayasamula. Anati palibe amene angagule tikiti kuti akaone mtsikana amene anakula ndi nsapato. Ndiye anandibweretsera ine, poti m'nyumba muno wodziwa kugwira cholembera ndine ndekha.

Amayi, dzanja limatsata zimene linazolowera. M'mbiri zimene ndimalemba ine mumayenera kukhala womwalira. Bambo anapita kale, ine ndangowonjezerapo inu.

Koma ndakuphani bwino, musadandaule. Mvula ikugwa pa malata, phazi lanu lili pa chopalasira, mukumaliza kusoka yunifolomu ya kamtsikana kanu ka kupulayimale, kenako makina akuima okha. Mkulu wotsatsa uja powerenga anapukuta maso. Mphunzitsi wanga wa ndakatulo akanaiona akanatula pansi udindo.

Aiwerenga pa wailesi Lamlungu likudzali. Mukazimitse wailesi ya m'sitolo, munene kuti mutu ukukupwetekani. Ndi zamalonda chabe izi, pakatha mwezi aliyense aiwala.

Pulofesa

25 Ogasiti

Pulofesa,

Kalata yako yafika Lachitatu. Ine ndinafa Lamlungu.

Ndinali nditagwada pakhonde, mapini ali kukamwa, ndikupinda siketi ya mayi wina. Mwini sitolo anakweza wailesi kuti, "Amayi, mwana wanu uyu!" Tonse tinatchera khutu. Mvula itayamba kugwa pa malata ako aja, mayi wa siketi anandiyang'ana, n'kuyang'ana wailesi, n'kundiyang'ananso. Kenako anabwerera chammbuyo mpaka kumsewu, mapini ali lendelende. Amayi ako aang'ono anaseka mpaka anawotcha khutu la kasitomala ndi chowongolera tsitsi. Madzulo kunabwera amayi a kutchalitchi kudzandipepesa maliro anga. Anakhala pa benchi langa ndi nkhope zachisoni, mapewa akugwedezeka. Pano ana akamadutsa amafunsana mokweza ngati mzukwa umasoka.

Zonsezo ndikanaseka nawo. Munthu wa zaka zanga kuphedwa ndi mwana wake wophunzira si zachilendo. Koma atatha kuwerenga zako zija, wa pawailesi anafunsa mng'ono wako kuti mayi ake anali munthu wotani. Ndinalavula mapini kuti ndimve bwino. Anati, "Nkhope yawo ndinaiwala." Ndi mawu akeake, akulira kulira kuja ndimakudziwa ine.

Mawu amenewo sunalembe iwe. Anawapeza yekha.

Umuuze abwerere pa wailesi yomweyo akanene kuti ali ndi mayi, ndipo mayiyo ali ndi nkhope. Sindikupempha china.

Malemu mayi ako.

10 Sepitembala

Amayi anga okoma,

Pepani, pepani, pepani. Ndalira usiku wonse, zenizeni, funsani achemwali. Koma amayi, mvetsani. Ndinasaina pepala. Anthu akundikonda chifukwa cha nkhani imeneyi. Amayi ena amandigwira dzanja mumsika n'kunena kuti "Ine ndikhala mayi ako." Ndikanena lero kuti linali bodza, mawa nkhope yanga aichotsa pa mabasi onse, ndipo ndibwerera kotaya mikodzo ya odwala.

Pirirani kaye pang'ono. Ndikakhazikika ndidzakonza. Ndakutumizirani mpango wa silika, wodula kwambiri.

Chinanso, mukafuna kubwera kuno muziyamba mwandiuza. Ndipo anthu akakufunsani muzingoti ndinu azakhali.

Wanu nthawi zonse,
Kamisozi

3 Novembala

Amayi,

Makalata anga awiri simunayankhe. Mpango wabwerera kuno pa basi usanamasulidwe n'komwe. Makasitomala anga a m'mabokosi amayankhula kuposa inu.

Poti mwasankha kukhala chete, ine ndiyankhula ndekha. Mbiri ija aisandutsa filimu. Kamisozi azisewera iye mwini, atamangidwa tsitsi ngati kamwana ka sukulu, chimtsikana chonse chija. Dzina langa silikuoneka paliponse. Ndinakafunsa, anandipatsa tiyi.

Chowavuta n'chimodzi: akusowa mayi woti asewere inu. Akufuna wodziwa makina opalasa ndi mapazi. Amene abwera mpaka pano amapalasa ngati akukwera phiri pa njinga, wina anadzisokerera mpango ku nsalu. Akuyesabe anthu Lolemba lililonse, m'chinyumba chakale chosungiramo katundu kuseri kwa siteshoni ya mabasi.

Mukanakhala kuti muli moyo mukanayesako mwayi.

Yankhani, ngakhale ndi mwano.

Pulofesa

19 Novembala

Pulofesa, mwana wa achemwali anga,

Moni. Ndine amayi ako aang'ono. Kulemba sindinazolowere, ndiye ndingolunjika.

Amayi ako ali kuti? Anawerenga kalata yako pakhonde pano, n'kuipinda, n'kunena kuti, "Mwana uja tsopano wandiitana." Anachoka Lamlungu lapitalo atavala nsapato za kutchalitchi, sizasi yawo ili m'chikwama. Anati sachedwa. Kuno kuli mkwatibwi amene diresi yake ilibe mkono umodzi, ndipo apongozi ake amabwera m'mawa uliwonse kudzakhala mu saluni mwanga osapangitsa tsitsi.

Anthu ayamba kunena kuti wailesi ija inalosera. Ndiyankhe msanga.

28 Novembala

Amayi aang'ono,

Moni. Uzani apongozi a mkwatibwi kuti telala wawo ali moyo, ndipo wafa kokwanira sabata ino moti sadzafanso posachedwa.

Ine sindinawaitane. Ndinalemba chipongwe, iwo anawerenga ngati kalata yowaitana kuntchito. Ndinangowapeza pakhomo panga atakhalira chikwama. Ndinati, "Amayi, zinali zocheza." Anati, "Zako zocheza zinandipha, izi zindidzutsa. Tsegula, ndikufuna kusamba."

Lolemba ndinawaperekeza kuchinyumba kuja. Anangonena kuti ndi telala, za mwana sanatchule. Anakhala pa makina, napalasa uku akukalipira mtsikana wodzola osewera kumaso kuti bulauzi yake anaisoka ndi munthu wopanda mantha a Mulungu. Dayilekita anawalemba ntchito pomwepo. Anangodandaula chimodzi: akuti sakufanana kwenikweni ndi Kamisozi, koma aona mmene angawakonzere ndi zodzola. Amayi anati, "Muyesetse, bambo."

Kamisozi sanadziwe kanthu. Anasamuka kwanga mwezi watha, amakhala kunyumba ya geti, ndipo ine sindine mthenga wake.

Muyenera kudziwa kuti anthu a filimu sayambira poyambira ngati anthu anzeru. Amayamba ndi chimene chawathera bwino tsikulo. Galimoto ya madzi opangira mvula anaibwereka ya Lachinayi lokha, ndiye tsiku loyamba lenileni linali la imfa. Anamanga kakhonde ka matabwa m'kati mwa chinyumbacho, malata pamwamba, mwamuna wina ali pa makwerero ndi paipi. Amayi anawapaka ufa wotuwa kumaso n'kuwakhazika pa makina.

Kamisozi analowa mochedwa monga achitira otchuka, ali mu yunifolomu ya kupulayimale, wina akumunyamulira ambulera m'nyumba. Dayilekita anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Bwera udziwane ndi amayi ako."

Mwana anauma gwa. Amayi anatambasula dzanja.

"Ndasangalala kukudziwa, mwanawe. Ndimakuonera kumbuyo kwa mabasi."

"Zikomo... azakhali," anatero Kamisozi.

"Azakhali ayi," anatero Dayilekita. "Uzolowere kunena kuti amayi."

"Musamukakamize," anatero amayi. "Ena mawu amenewo amawalemera."

Anayamba. Mvula pa malata, makina akulira, mutu wa amayi ukuwerama pang'onopang'ono monga ndinalembera ine. Utatsala pang'ono kugunda makina, anadzuka n'kupitiriza kupalasa. Dayilekita anakuwa kuti, "Dulani! Mayi, apa ndi pofera!" Amayi anati, "Telala safa msoko uli pakati. Amene analemba zimenezi sanamalizepo kanthu pa moyo wake." Anthu anaseka osadziwa chimene akuseka. Ine ndinayang'ana kudenga.

Anabwereza. Ulendo uno anafa bwinobwino. Kamisozi anathamanga, nagwada, nawakumbatira, kamera n'kuyandikira kumaso kwake kudikira mgodi uja. Maso gwa, ouma ngati mwala. Angaganize bwanji kuti amayi afa, amayiwo akumupumira m'khosi, kwinaku akumutsina m'nthiti ndi dzanja limene kamera simaliona? Anabwereza mpaka wa paipi anayamba kudandaula kuti madzi akutha. Pamapeto pake mtsikana wodzola anthu uja anabwera ndi kabotolo ka mafuta a chimfine. Kwa Kamisozi! Ndakhala zaka zambiri ndikudikira kuona nkhope imene anapanga.

Anakana mafutawo. Anawerama ngati akukonza kolala ya amayi, n'kunong'ona. Anaiwala kuti pamwamba pawo pamalendewera maikolofoni pa ndodo, ndipo bambo wojambula mawu amamva ngakhale m'mimba mukalira. Ine ndinali pafupi naye, anandipatsa mbali imodzi ya zomvera zake za m'makutu, maso ali tong'o.

"Amayi, chonde, mundiwonongera zonse."

"Amayi ake ndani? Ine ndine waganyu. Yang'anitsitsa nkhopeyi, mwina ungaikumbuke."

"Tikambirana kunyumba."

"Kunyumba kwa azakhali?"

Dayilekita anati ayese komaliza. Mvula, makina, msoko mpaka kumapeto. Kenako phazi linaima. Amayi sanawerame monga muja. Anapendekeka chammbali, nagwa pampando, phi! pa matabwa, sizasi n'kugwera uko. Kamisozi anayankhula mawu ake, maso ali ouma. Dayilekita anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Dulani. Dzukani, mayi, zikomo."

Sanadzuke.

"Mayi, tamaliza."

Zii. Mkono uli lobodo, kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotseguka pang'ono loyera lokhalokha. Wa paipi anatseka madzi. Kamisozi anawagwedeza paphewa, mutu unangogubuduka.

Amayi aang'ono, kulira kwa mwana uja ndakumva moyo wanga wonse. Ndimadziwa kwa singano, kwa masamu, kwa sopo. Uku sindinakumvepo. Kunalibe kukongola. Kukamwa kunapotoka, mamina mbwee, mawu ngati mbuzi yokodwa mu waya.

"Amayi! Amayi inu! Thandizeni, awa ndi amayi anga! Amayi anga enieni, ondibereka! Sanafe kale ayi, linali bodza! Achemwali, bwerani, amayi afa!"

Ena akuti ine ndinagwetsa nyali yawo yodula pothamanga. Inali pamalo olakwika. Akutinso ndinalira. Unali utsi wa nyaliyo.

Tili chigwadire tonse awiri, diso lija linatembenuka n'kutiyang'ana.

"Bwerezanso," anatero amayi. "Wa pamakwerero uja sanamve."

Amayi anadzuka, nasasa fumbi pa siketi, natola sizasi yawo. Anauza Kamisozi kuti, "Umayesa unazitengera kwa bambo ako?"

Mkulu wotsatsa uja anayamba kulalata za pepala limene Kamisozi anasaina, akuti amuthetsa, akuti sadzaonekanso ngakhale pa paketi ya machesi. Kamisozi, mamina ali pachibwano, anagwira siketi ya amayi osaisiya, n'kumuuza mkuluyo kuti achite zimene akufuna. Apo ndiye ndinadziwa kuti sakusewera, chifukwa mbali ya nkhope imene anaonetsa ku kamera inali imene mwini wake amati ndi yoipa.

Dayilekita anafunsa wa kamera ngati anazimitsa. Wa kamera anati anaiwala. Pamenepo Dayilekita anavula chipewa, koyamba chimudziwireni, ndipo tonse tinaona chifukwa chake savula. Anakanda dazi lake n'kunena kuti, "Ana amasiye ndili nawo mafilimu asanu. Mayi wouka kwa akufa ndilibe."

Lamlungu lino apita onse awiri ku wailesi. Mukweze ya m'sitolo, muitanenso amayi a kutchalitchi aja. Telala wanu akwera basi Lolemba.

Pulofesa

8 Disembala

Pulofesa mwana wanga,

Ndafika bwino. Mkono wa mkwatibwi ndalumikiza, apongozi ake atuluka mu saluni. Amayi ako aang'ono akuti Lamlungu pasitolo panadzaza mpaka kumsewu. Akuti mng'ono wako atanena kuti, "Amayi anga ali pano, ndipo mphuno iyi ndi yawo," mayi wa siketi uja ndi amene anayamba kuwomba m'manja. Wabwera dzulo kudzamalizitsa siketi yake. Anayamba wandigwira kaye pamkono.

Kamisozi wandilembera. Akuti sopo amuchotsapo, koma mabasi akadali nawo. Akudandaula kuti misozi yavuta: akati aganize kuti ndafa, amangoona diso langa likutseguka, n'kuyamba kuseka. Ndamuyankha kuti aziganiza kuti mbiri yake yotsatira ulembanso ndiwe. Misozi ibwera yokha.

Tsopano za iwe. Bambo wadazi uja akufuna filimu yonse ilembedwenso, poti mayi sakufanso. Anandifunsa ngati ndikudziwa amene analemba za mvula pa malata zija. Ndinati ndikumudziwa, pakamwa pake ndi lumo, koma dzanja lake ndi labwino. Ndinamuuza kuti dzina lako alilembe pachiyambi, ndi zilembo zoti ndiwerenge popanda magalasi, apo ayi ine ndikafera pakati pa filimu yake n'kukana kudzuka. Wavomera. Upiteko Lachiwiri. Akakupatsa tiyi umwe, usamuuze maganizo ako pa ndevu zake.

Ndipo ichi chokha uchimalize. Msoko usausiye pakati.

Singano zija zatha, utumize zina. Ukadzafuna kundiphanso uyambe wandiuza, ndithane kaye ndi madiresi a eni ake.

Ndine mayi ako, wamoyo.